Uthenga wa Maliro Utatipeza ku Paris

Ana anga, Chikondi ndi Limbani, mumandiseka kuti chipumireni pa ntchito ndasanduka wailesi yopanda pozimitsira. Ndiye ndaganiza zolemba, kuti wotopa azingotseka bukuli n'kukamwa tiyi. Za ubwana wanga ndalumpha, poti nanenso ndinkapita kusukulu wopanda nsapato ngati anzanga onse. Mutu uno ndi wa ntchito yanga, wa mayi wina wa ku Scotland kuno amene ndimamuvulira chipewa, ndi wa tsiku limene ndinaphwanya lonjezo limene ndinapereka kwa mayi wofedwa.

Ntchito yoyamba: zaka khumi ndi ziwiri ku Mchinji

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku sekondale ina ya ku Mchinji kukaphunzitsa Chifalansa. Ndinafika ndi sutikesi imodzi ndi matama odzaza thumba. Ahedi a pamenepo, bambo wamtali wosadziwa kuseka, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Madamu, French yanuyo ana athu kuno azikayankhula ndi ndani? Ndi mbuzi?" Atatero ananditsegulira kabati ya mabuku. Munali mabuku asanu ndi awiri okha, ndipo atatu mwa iwo chiswe chinali chitayamba kale kuwawerenga. Choko chikatha tinkadikira mpaka teremu ina, moti nthawi zina ndinkalemba pabolodi ndi chinangwa chouma. Komabe ndinkaikonda ntchitoyo. Ndinkajambula mtsinje wa ku Paris pabolodi, ndi milatho yake, ndi nsanja yachitsulo yotchuka ija, n'kumawayendetsa ana m'misewu imene ineyo ndinali ndisanapondemo.

M'buku limodzi munali chithunzi cha dziwe la maluwa a m'madzi, chojambulidwa ndi mmisiri wina wakale wa ku France. Pansi pake analemba kuti mmisiriyu anatchuka chifukwa cha mitundu yake. Tsoka lake, buku lathulo linali losindikizidwa mwakuda ndi moyera, choncho dziwe lonselo linkangooneka ngati phulusa lonyowa. Ine osachita manyazi ndinkakweza bukulo m'mwamba n'kumati, "Taonani kukongola kwa mitunduyi!" Tsiku lina mtsikana wina wa mu Fomu 3 anakweza mkono n'kufunsa, "Madamu, inuyo munakafikako?" Ndinamuuza kuti atseke pakamwa atsegule peji lotsatira. Funso limenelo linandipweteka kwa zaka zambiri.

Glasgow: zaka zoyamba

Bambo anu atapeza mwayi wa maphunziro ku yunivesite kuno, tinabwera tonse n'kukhala ku Dennistoun, m'nyumba zosanjikizana zija, pamwamba penipeni. Iwe Limbani unkalira tsiku lililonse pa masitepe. Mapepala anga a uphunzitsi sanawavomere msanga, ndiye kwa zaka zinayi ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Sindichita nayo manyazi ntchito imeneyo, koma usiku ndi usana mtima wanga unali pa choko. Kenaka kunapezeka malo a wothandizira aphunzitsi m'kalasi pa sekondale ina ya ku Springburn, ndipo anandiika m'chigawo cha zilankhulo. Mkulu wa chigawocho anali Mayi Docherty.

Anali mayi wamfupi wa tsitsi lofiira loyamba kuchita imvi, wa bondo lovuta, woyenda motsimphina koma mofulumira kuposa tonse. Bambo awo ankagwira ntchito kufakitale ya mitu ya sitima imene inatsekedwa kalekale m'deralo. Tsiku loyamba anandilankhula Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga chija, ine osatolapo kanthu. Nditasowa chochita ndinawayankha m'Chifalansa kuti abwereze pang'onopang'ono. Anaima, navula magalasi, nandifunsa m'Chifalansa momwemo kuti ndinachiphunzira kuti. Nditawafotokozera za Mchinji ndi za chiswe, anaseka mpaka kugwira tebulo. "Esnart," anatero, "papepala ndinu wothandizira. M'kalasi mwanga ndinu mphunzitsi. Tengani choko." Kunalibe choko, kunali zolembera za inki, koma ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo kuchimbudzi ndinakalira.

Mayiwa anali ndi zinthu ziwiri zimene sankagonja nazo. Choyamba chinali ulendo wa ku Paris. Chaka ndi chaka akuluakulu a sukulu ankati ulendowo ndi wovuta, ana a ku Springburn ndi osamva, ndi bwino angopita kunyanja yapafupi n'kubwerako tsiku lomwelo. Iwo ankayankha kuti ana a madera olemera adzapita okha ku Paris akakula, koma athuwa, ena mwa iwo osafikako ngakhale ku Edinburgh, akapanda kupita ndi sukulu ndiye basi. Chachiwiri chinali chakuti sankanamiza mwana. Ankati mwana ukamunamiza kamodzi, ngakhale momukomera mtima, tsiku lodzamuuza kuti nyumba ikupsa adzayamba wakuyang'ana kumaso. Ine ndinkangogwedeza mutu, mumtima ndikuti azungu sadziwa kuti mawu ena amafunika kuwaphika kaye.

Febuluwale wa chaka cha ulendo

Chaka changa chachisanu ndi chimodzi pasukulupo, Mayi Docherty anandiuza kuti ndikonzeke, ndipita nawo. M'gulu la chaka chimenecho munali Tamanda Kachingwe, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, mwana wa anzathu a kumpingo. Anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pofika nthawiyi ukamupatsa moni wa Chichewa ankangoyankha kuti "Aye, fine, Auntie," ngati wobadwira ku Springburn konko. Kusukulu ankanditcha Miss, kutchalitchi Anti. Dzanja lake linali lodziwa kujambula. Koma fomu yake yololeza ulendo inabwerera yosasainidwa, ndipo Mayi Docherty anandituma kuti ndikamve chavuta n'chiyani.

Lamulungu titaweruka ndinapita kwawo. Bambo Kachingwe anali dalaivala wa basi, mkulu wa mpingo, munthu wa nthabwala koma wouma khosi. Nditayamba nkhaniyo anadzikanda m'mutu.

"Mayi Mbewe, ine ndagugula pa foni," anatero. "M'nyumba za zojambula za kumeneko mwadzaza anthu amaliseche. Ziboliboli zamaliseche, zithunzi zamaliseche. Ine mkulu wa mpingo ndisainire mwana wanga akaone zimenezo?"

"Abambo, ndi miyala imeneyo," ndinawayankha. "Komanso m'basi mwanu Loweruka madzulo mumanyamula anthu ovala zochepa kuposa ziboliboli zimenezo."

Mayi a Tamanda anaseka ali kukhitchini. Abambowo anaseka nawo, koma anati akaganiza. Ndinawauza za mtsikana wa ku Mchinji uja ndi funso lake, ndi kuti ine ndafika pokhala ndi imvi ndisanaone zimene ndinkaphunzitsa. Kenaka abambowo anaitana mwanayo. "Iwe Tamanda, bweretsa pepalalo. Ukupita chifukwa anti akowa akupita. Ndipo ukandijambulire zonse zimene ukaone, ndidzaone nanenso. Koma ovala okhaokha, wamva?" Atasaina anandiyang'ana ine n'kuti, "Mwanayu ndi wanu. Mukamuyang'anire." Mwezi wa Meyi anakwera ndege kupita kwawo ku Ntcheu kukafoletsa nyumba imene ankamanga, n'cholinga chobwerako sukulu zikatsekera.

Juni: Lolemba mpaka Lachitatu

Tinayenda pa basi kudutsa England yense, n'kuwoloka nyanja pa sitima, ana makumi atatu ndi akuluakulu anayi. Titalowa mu Paris ndinakhala pawindo ngati kamwana. Mtsinje uja unalipodi, milatho ija inalipodi, ndipo ndinazindikira kuti kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkajambula nsanja yachitsulo ija kutsidya lolakwika. Ndinapepesa ana onse a ku Mchinji chamumtima. Lachiwiri tinapita kunyumba ya mafumu akale kunja kwa mzinda, yokhala ndi chipinda cha magalasi okhaokha ndi minda yoduliradulira bwino. Mayi Docherty anawaimika ana pageti lagolide n'kuwasimbira za amayi a kumsika amene anayenda wapansi kuchokera ku Paris kudzafunsa mfumu za buledi pa nthawi ya njala. Anaisimba ngati amayiwo anali aneba awo, moti ngakhale anyamata ovuta aja anatseka pakamwa.

Lachitatu linali la myuziyamu yaikulu, nyumba yosungiramo zojambula ndi zosema zakale, yoti sungaimalize ngakhale utagonamo sabata. Apa ndi pamene ndinaona luso lenileni la mayiwa. Sankathamangitsa ana chipinda ndi chipinda. Ankasankha chithunzi chimodzi, n'kuwakhazika patsogolo pake mphindi zisanu osalankhula. "Maso ayambe," ankatero, "pakamwa pabwere pambuyo." Mphindizo zikatha ankafunsa aliyense chimene waona, ndipo panalibe yankho lolakwa. Tamanda ankajambula osapuma. Akafika pa chiboliboli chamaliseche ankachijambula, kenaka n'kuchiveka juzi ndi sikafu ya timu ya mpira, n'kundionetsa akuseka. "For Dad," ankatero, kutanthauza kuti ndi za bambo ake.

Tsiku lomwelo cha m'ma faifi koloko, dzuwa likadali m'mwamba, tili pabwalo la nyumba imene tinkagona, foni yanga inalira. Anali mayi a Tamanda. Asanalankhule n'komwe ndinamva azimayi akuimba chapansipansi kumbuyo kwawo.

"Mayi Mbewe, kwagwa zovuta. Bambo a Tamanda atisiya m'mawa uno. Anangogwa ali chiimire kuyang'anira amisiri. Akuti ndi BP."

Ndinakhala pansi pomwepo. Anandiuza kuti achibale ku Ntcheu akana kudikira, maliro aika mawa lake masana, ndipo iwowo ndege yoti iwafikitse nthawi yake palibe. Kenaka anati, "Asisi, mundilonjeze chinthu chimodzi. Mwanayo musamuuze. Angagwe pakati pa alendo. Mungomuuza kuti matenda akula, mtima uyambe kukonzeka. Loweruka akafika ndimuuza ndekha, ali pamiyendo panga." Ndinalonjeza, ndipo sindinalonjeze mokakamizidwa. Inu munakulira kuno, mwina simudziwa. Kwathu uthenga wa maliro sauponya kwa munthu amene ali kutali. Amamuuza kuti matenda akula, bwerani, kuti ayende bwino panjira, akamve zoona ali pakati pa abale oti amugwire. Nanenso mayi anga atamwalira anandiuza chomwecho, ndipo ndinathokoza.

Ndinawakokera pambali Mayi Docherty n'kuwafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. "Mayi ake ndi amenewo, mawu omaliza ndi awo," anatero. "Ine sindimuuza. Koma akandifunsa sindinama, mudziwiretu. Ndipo Esnart, mwaiwala chinthu chimodzi. Mwanayu ali ndi foni, ndipo ali ndi asuweni." Ndinagwira pakamwa. Pa chakudya chamadzulo mayiwa anaimirira n'kulengeza kuti mawa ndi tsiku la maso okhaokha, choncho mafoni onse alowe m'chikwama chawo nthawi yomweyo. Ana anadandaula, ena anawatchula mayina oipa chapansipansi, iwo anangotambasula chikwamacho. Mwambowo sankagwirizana nawo, koma anasenza chidani cha ana makumi atatu kuti mwana mmodzi asamve za imfa ya bambo ake pa kachithunzi ka kandulo kotumizidwa ndi asuweni pa foni.

Ine ndinakhala pafupi ndi Tamanda n'kunena mawu amene ndinatumidwa. "Mayi ako aimba. Akuti bambo sakupeza bwino kumudzi, matenda akula ndithu. Tiziwapempherera." Anandiyang'ana kanthawi, nati, "Okay, Miss," n'kupitiriza kudya mpaka kumaliza mbale. Ndinapumira m'mwamba. Ndinadziuza kuti mwana wa ku Glasgow uyu, woti moni weniweniyo amayankha m'Chingerezi, za mawu ophika athuwa angazidziwire kuti.

Lachinayi

Chakumasana tinapita ku myuziyamu yaing'ono ya m'mphepete mwa munda waukulu, pafupi ndi mtsinje. Mayi Docherty anali atandibisira dala chimene chinali m'katimo. Titalowa m'chipinda chozungulira choyera, kuwala kukutsika kuchokera kudenga, ndinaima chilili. Linali dziwe langa la ku Mchinji lija. Silinali kachithunzi ka pa peji, linali khoma lonse, ndi linzake, ndi linzake, kutizungulira. Munali mtundu wa mtambo, wobiriwira, wofiirira, ndi ina yoti dzina lake sindilidziwa m'chilankhulo chilichonse. Ukayandikira unkangoona zikwapu za burashi, ukabwerera m'mbuyo madzi ankayamba kuyenda. Ndinene zoona, ana anga, kwa kanthawi ndinaiwala maliro. Ndinayamikira Afalansa, anthu omangira maluwa a m'madzi nyumba yawoyawo n'kuika mabenchi pakati kuti munthu angokhala. Mayi Docherty anauza ana mwachidule kuti mmisiriyo anajambula izi atakalamba, maso akuchita khungu, atataya mkazi ndi mwana wake wamwamuna. Kenaka anati, "Mphindi zisanu."

Mphindizo zisanathe wina anadzakhala pabenchi pafupi nane. Anali Tamanda, buku lake lojambulamo lili chitsekere pamiyendo. Analankhula chonong'ona, ndipo analankhula Chichewa, chimene ndinali ndisanachimvepo pakamwa pake.

"Anti, a Dad amwalira eti?"

"Wakuuza ndani zimenezo?" ndinafunsa.

"Inuyo. Agogo atamwalira, amalume anaimbira a Mum kuti matenda akula. A Mum anangoyamba kulira pompo. I was nine. Ndimadziwa tanthauzo lake."

Ndiye kuti kuyambira dzulo lake mwanayu ankadziwa. Anamaliza chakudya chija kuti asandichititse manyazi. Anagona nazo yekha, nadzuka nazo yekha, pakati pa anzake okangana za mafoni. Mwambo umene tinkati umuteteze kuti asalire pakati pa alendo unamusiya akulira chamumtima popanda ndi mmodzi yemwe womugwira dzanja. Ine amene bambo ake anandiuza kuti ndikamuyang'anire ndinali nditamuyang'ana kumaso osaona kanthu.

"Sindikuvutitsani, Anti," anapitiriza. "Ndingofuna kudziwa chimodzi. Awaika kale?"

Ndinayang'ana wotchi. Inali hafu pasiti thwelofu. M'miyezi yotentha nthawi ya ku Paris imafanana ndi ya kwathu, choncho ndinadziwa kuti ku Ntcheu mwambo wayamba, ndipo pakatha ola ndi theka anyamula bokosi kupita kumanda. Kumbali ina kunali lonjezo langa kwa mayi wofedwa, amene chokhacho chinamutsalira chinali kuuza mwana wake yekha. Kumbali ina kunali mwana amene Loweruka akanadzamva kuti pa ola limene bambo ake ankatsitsidwa m'manda, iye anali pamzere wogula ayisikilimu. Ndinayang'ana kwa Mayi Docherty. Anali atationa, koma sanasunthe, sanandikodole, sanandithandize ndi nkhope. Anandisiyira ine, poti unali mtolo wanga.

"Inde, mwanangu," ndinatero. "Atisiya dzulo m'mawa. Sanawaike. Awaika masana ano."

Sanakuwe. Anangotsamira paphewa panga, thupi lonse likugwedezeka. Tinatuluka naye kupita m'munda uja, Mayi Docherty akutsimphina pambuyo pathu, ana ena atawasiya ndi aphunzitsi ena awiri amene tinapita nawo. Ndinkayembekeza kuti mayiwa atulutsa malamulo a sukulu, kapena anena kuti ndinakuuzani. Sanatero. Anandifunsa kuti, "Esnart, kwanu mumatani? Ndiuzeni chochita, ndichita."

"Kwathu wofedwa sakhala yekha," ndinawayankha. "Ndipo azimayi sitikhala pampando."

M'mundamo munali mipando yachitsulo yobiriwira ponseponse. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, poti mayi wa ku Malawi sayenda wopanda chitenje ngakhale ku Paris, n'kumumanga Tamanda pamwamba pa jinzi yake. Tinakhala pansi pa fumbi, pamthunzi wa mitengo, miyendo titatambasula. Mayi Docherty anayang'ana mpando, nayang'ana bondo lawo, natsika pang'onopang'ono atagwira phewa langa mpaka anafika pansi. Ndinamva bondolo likulira, nkhope yawo inayera, koma sanatulutse liwu.

Ndinaimbira mayi a Tamanda. "Asisi, mwana wadziwa. Anandifunsa, ndipo ndamuuza ndine." Iwo anati, "Munandilonjeza." Ndinati, "Ndinalonjeza, ndipo ndaphwanya. Nayu mwana wanu." Analira onse awiri pa foni, wina ku Glasgow wina ku Paris. Atatha, mayiwo anapereka nambala ya mlamu wawo amene anali pa maliropo, ndipo iye anavomera kutiimbira pa vidiyo akafika kumanda.

Tikudikira, ana ena aja anatuluka mu myuziyamu. Mayi Docherty anawauza zoona m'mawu ochepa, nati amene akufuna apite kukadya ndi aphunzitsi enawo. Palibe anapita. Mmodzimmodzi anadzakhala pansi kutizungulira, ndi anyamata osamva aja omwe, osafunsa za mafoni awo. Mlonda wa m'mundamo, bambo wachikulire wa yunifolomu, anabwera kudzatifunsa chifukwa chimene gulu lonseli latsekera njira pomwe mipando ilipo. Ndinamuyankha ndine, m'Chifalansa changa cha ku Mchinji, kuti bambo a mtsikanayu akuikidwa m'manda pa ola lino ku Africa, ndipo kwathu timalira titakhala pansi. Bamboyo anavula chipewa, naima chapatali, n'kumalozera anthu odutsa kuti alambalale. Ndinakumbukira ahedi aja ndi mbuzi zawo.

Foni inalira itangokwana thu koloko. Netiweki inkadukaduka, koma tinaona mitengo ya kumanda, dothi lofiira, ndi amayi a mvano atavala zoyera akuimba. Ndinaimba nawo chapansipansi, Tamanda akutsatira pamene ankadziwa. Bokosi litatsika, mlamu uja anati, "Tamanda, ndayandikiza foni. Tsanzikana nawo bambo ako." Mwanayo anatsegula buku lake lija, n'kumatembenuza mapeji patsogolo pa foni, limodzilimodzi: mlatho, geti lagolide, chiboliboli cha juzi ndi sikafu.

"Dad, ndajambula," anatero. "Onse ndi ovala."

Apo ndiye ndinalira ngati ndine wofedwa. Mayi Docherty sanamve mawuwo, koma anamugwira mwanayo dzanja mpaka adzukulu anamaliza kukwirira. Powaimiritsa mayiwo panafunika anyamata awiri, ndipo ulendo wonse wobwerera mwendo wawo unali pampando, utatupa ngati mtsuko. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi.

Zaka zotsatira, ndi lero

Mayi a Tamanda anakhala pafupifupi chaka osandipatsa moni. Kutchalitchi ndikalowera khomo ili, iwo ankatulukira linalo. Zinandiwawa kwambiri, koma sindinawaimbe mlandu, ndipo inunso musadzawaimbe. Sanathe kukaika maliro a mwamuna wawo, ndipo chimodzi chimene anapempha ndinawalanda ndine. Azimayi ena a kumpingo ankati ukakhalitsa ndi azungu umayamba kuganiza ngati iwo. Lamulungu lina mayiwo anangofika pabenchi panga n'kunena kuti, "Tasunthani, asisi." Ndinasuntha, tinaimbira buku limodzi. Sananene kuti ndinachita bwino, ndipo mpaka lero nkhaniyo sitinaikambepo.

Ku Paris ndinapitanso kanayi ndi Mayi Docherty tisanapume tonse awiri. Pano amakhala ku Shawlands, bondo lija analichita opaleshoni, ndipo ndimakwera basi kukawaona mwezi ndi mwezi. Timakangana m'Chifalansa. Pa mabwana onse amene ndagwira nawo ntchito, ndi okhawa amene anali ndi mfundo yawo yolimba, n'kukhalabe okonzeka kufunsa wantchito wawo kuti, kwanu mumatani. Tamanda anakula, amaphunzitsa ana kujambula pasukulu ina kuno, ndipo akandipeza amandipatsa moni wa Chichewa wathunthu, ngakhale kalankhulidwe kake n'ka ku Springburn.

Mwambo wathu uja sindiunyoza. Anauyambitsa anthu achifundo, m'masiku amene uthenga unkayenda wapansi ndipo munthu akamva kuti matenda akula ankanyamuka tsiku lomwelo. Cholakwa changa chinali kuganiza kuti mwana woyankha m'Chingerezi samva Chichewa. Ana anuwa, adzukulu angawa, nawonso amayankha kuti "Aye, Gran," koma ndimawaona makutu awo tikamacheza kukhitchini.

Choncho tsiku langa likadzafika, kaya mwana wina adzakhala ku yunivesite, kaya pa ulendo wa sukulu kutsidya la nyanja, musadzamuuze kuti agogo matenda akula. Mudzayambe mwapeza munthu woti akhale naye pansi, kenaka mumuuze kuti ndapita, ndi ola limene mukundiika. Chitenje chija chili m'sutikesi yapamwamba pa wadulopu. Fumbi la m'munda uja ndinachapa, koma mukadzachifuna ndi chobiriwira cha madontho oyera.